Njinga Yobiriwira ya a Laison

Chikweza cha Christmas Pass sichinamizika. Anzako ukhoza kuwauza kuti thupi lili bwino, koma ukafika pokhota pachitatu, pamene malole ochokera ku Beira amayamba kubuula ngati ng'ombe zapagoli, miyendo imaulula zonse.

Lamulungu limenelo miyendo ya Primrose inaulula msanga. Anzake a m'kalabu ya njinga, anthu khumi ndi awiri amene ankakumana sabata iliyonse kudzalimbana ndi phirili, anali atamusiya kale. Kutsogolo kwenikweni kunali Nigel wa ku Murambi, mtsogoleri wa kalabuyo, panjinga yake yopepuka yoti n'kuinyamula ndi zala ziwiri. Primrose anatsitsa giya n'kuweramira pahandulo. Thukuta linkalowa m'maso. Atakweza mutu kuti aone kumene msewu ukuthera, mtima unagwa mphwayi.

"Usayang'ane pamwamba," mawu aamuna anamveka kumbuyo kwake. "Yang'ana tayala lako. Phiri litopa lokha."

Phazi linatsala pang'ono kuterereka papedulo. M'kalabu yonseyo wolankhula Chinyanja anali iye yekha. Komanso mawuwo sanali a munthu wina aliyense. Anali a bambo ake, a Laison Kachingwe, amene ankawanena pamsewu womwewu kalekale mawondo awo asanafe.

Anacheuka. Pambali pake panali mwamuna wandevu zoyamba kuchita imvi, akupalasa njinga yachitsulo yakalekale mosavutika, ngati akupita kumsika. Ndevuzo zinali zachilendo, koma chipsera cha pamwamba pa diso lamanzere anachidziwa.

"Obed?"

"Pumira m'mphuno, Primu. Tikalankhulira pamwamba."

Anadutsa n'kukhala patsogolo pake kumutchingira mphepo. Primrose anayang'ana tayala lakumbuyo la njinga ija, nalitsatira mpaka pamwamba osadziwa kuti wafika bwanji.

*

Pamwamba pa phiri anthu amaima n'kuona mzinda wonse wa Mutare uli phee m'chigwa. Primrose anatsamiritsa njinga pamwala. Maso ake anafuna kwawo ku Sakubva, kumene utsi wam'mawa unali usanabalalike, koma chimene ankaona chinali chaka cha 2002.

Chaka chimenecho famu ya ku Odzi imene makolo a Obed ankagwirako ntchito inalandidwa, ndipo antchito anauzidwa kuti abwerere kwawo ku Malawi. Obed anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo Malawi anali asanamuonepo ngakhale pachithunzi. A Laison, amene ankagwira ntchito kunjanji ndipo bambo awo anachokera ku Ntcheu, anapeza Obed ndi makolo ake atakhala pamitolo yawo panja pa tchalitchi. Anawapatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba.

Mnyamatayo anakhala mwezi wathunthu osaseka. Chinamutsegula pakamwa chinali njinga yobiriwira ya a Laison, yamatayala opyapyala, imene anapambanirapo mipikisano ya antchito a njanji ali anyamata. Njingayo sinkakhudzidwa ndi munthu. Koma tsiku lina a Laison anamukweza Obed pachishalo n'kunena kuti, "Tiye tione ngati chisoni chako chili ndi miyendo."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la phiri. Obed ankakwera, a Laison ankamutsatira panjinga yawo yopitira kuntchito akukuwa malangizo, ndipo Primrose ankawadikira pamwamba pano atagwira wotchi ya bambo ake ndi botolo la mahewu. Anakula akuwerenga mphindi za Obed. Sanadziwe tsiku limene anasiya kuyang'ana wotchi n'kuyamba kuyang'ana mwini miyendo.

Kenako kunabwera 2008. M'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, ndipo anyamata onse a ku Sakubva ankathamangira ku Chiadzwa kukakumba dayamondi. Obed anamupeza Primrose kumpopi. Anati akufuna njinga yobiriwira ija kwa masiku asanu okha, apite, apeze mwala umodzi, abwere. Primrose, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anatenga kiyi wa kashedi pamsomali wa kuseri kwa kalendala n'kumupatsa m'manja.

Masiku asanu aja anasanduka zaka khumi ndi zisanu.

"Mzindawu wachepa," anatero Obed ataima pambali pake. "Kapena ndi ine ndakalamba."

"Mwabwera liti?"

"Wayamba kundinena kuti inu?"

"Munthu amene sindikumudziwa ndimamunena kuti inu."

Obed anavula chisoti n'kuchitembenuzatembenuza m'manja. "Patha masabata atatu. Ndinali ku Joni, ku Polokwane, ndinkakonza njinga. Amayi akudwaladwala, ndiye ndabwereratu. Madala ali bwanji?"

"Alipo. Mawondo anawakana."

"Akudziwa za kiyi?"

Primrose anapukusa mutu. Bambo ake ankakhulupirira kuti Obed anaba kiyiyo yekha, ndipo iye sanawawongolepo.

"Zikhale choncho," anatero Obed. "Sindinabwere kudzakuyalutsa."

Nsapato za njinga zinagogoda pamiyala. Anali Nigel, wamtali, wometa bwino, botolo lamadzi lili m'manja. Anayang'ana njinga yachitsulo ija kuyambira kuhandulo mpaka kutcheni.

"Mukoma uyu ndiani?" anafunsa m'Chishona, akumwetulira ndi mano okha.

"Ndi Obed. Tinakulira nyumba imodzi."

"Ndiye kuti ndi mlongo wako," anatero Nigel, nagwira phewa la Primrose nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

*

A Laison anali ndi mwambo wawo. Mwana wawo akabwera kuchokera kuphiri, ankakhala pampando wachitsulo pakhonde, njinga itagadamitsidwa patsogolo pawo, n'kumatsuka tcheni ndi mswachi wakale. Chimwalirireni amayi a Primrose, nthawi imeneyi ndi imene bambo ndi mwana ankachezerana.

"Lero zingati?"

"Mphindi makumi awiri ndendende."

Mswachi unaima. "Sabata yatha zinali makumi awiri ndi zitatu. Munthu sadula mphindi zitatu ndi pemphero. Wakukoka ndani?"

"Mnzathu wina watsopano."

"Amakwera atakhala kapena ataimirira?"

"Atakhala, Ababa. Saimirira mpaka pokhota pomaliza."

A Laison anazunguza pedulo pang'onopang'ono, tcheni n'kumalira mokoma. "Mu Mutare muno amene ndinawaphunzitsa zimenezo ndi awiri. Mmodzi ndi iwe."



"Ndinamupatsa denga," anatero mkuluyo, mawu ali pansipansi. "Ndinamupatsa mbale. Mwana wamwamuna Mulungu sanandipatse, ndiye ndinati uyu ndi yemweyo. Akanandipempha, Primrose. Mwina ndikanakana, mwina ndikanalola. Koma kulowa m'nyumba mwanga ngati khoswe, kufufuza mpaka kupeza pamene ndimabisa kiyi?" Anapukuta manja pansanza. "Dzina limenelo lizithera pageti."

*

Uthenga woyamba wa Obed unafika pafoni Lachiwiri masana.

"Chishalo chako chatsika kwambiri. N'chifukwa chake bondo lamanja limathawira kunja."

Primrose anauwerenga kanayi asanayankhe. "Zaka khumi ndi zisanu, nkhani n'kukhala ya chishalo?"

"Nkhani zinazo sizikwana pafoni. Mawa madzulo, msewu wa ku Vumba?"

Analemba kuti ayi, nafufuta. Analemba kuti aona, nafufutanso. Pomaliza anangotumiza kuti, "Folo koloko."

Msewu wa ku Vumba ndi wautali kuposa Christmas Pass, ndipo umakwera mwaulemu, kenako n'kukuluma mwadzidzidzi. Anakwera limodzi, mitengo ya m'mbali mwa msewu itaphuka masamba ofiira a mwezi wa Seputembala. Ataima pamalo pamene amayi ena amagulitsa nthochi, Obed anatulutsa sipanala m'thumba n'kukweza chishalo cha Primrose pang'ono chabe. Kenako anakhala paudzu.

"Ndinafika ku Chiadzwa tsiku lomwelo," anayamba yekha. "Njinga ndinaibisa m'chitsamba cha minga. Ndinakumba masiku anayi, osapeza kanthu. Tsiku lachisanu anatithamangitsa ndi agalu. Ndinathawa opanda nsapato, Primu, anthu akugwa kumanzere ndi kumanja. Nditabwerera patapita masiku awiri, chitsamba chinalipo, njinga kunalibe."

"Ukanabwera. Ukanangonena."

Obed anamuyang'ana, ndipo Primrose anazindikira kuti wamunena kuti iwe.

"Ndinafika mpaka pamsika wa Sakubva. Ndinawaona Madala akudutsa wapansi, akufunsa anthu. Miyendo imene inkakwera mapiri inakanika kuwoloka msewu umodzi. Ndinakwera lole ya ku Beitbridge, kumalire a Joni." Anathyola udzu n'kuutaya. "Chaka choyamba ndinkati ndibwera ndikagula ina. Nditaigula ndinaona kuti chimene ndinawalanda si chitsulo ayi. Ndiye manyazi anangokulirakulira."

"Nanga ine?"

"Iwe ndinkakuona Loweruka lililonse. Kumene kuja kulinso zitunda. Ndikafika pamwamba ndinkayang'ana kumbali, ngati pakhala munthu wogwira wotchi."

Primrose anaseka, koma misozi inatsogola. "Ndinkakunamiza, ukudziwa? Ndinkachotsako masekondi khumi kuti usangalale."

"Ndinkadziwa. Madala nawonso ankadziwa."

Anatsetsereka dzuwa likupendeka, mphepo ikuwomba m'makutu. Pamphambano yolowera m'tauni Obed anagwira handulo ya Primrose.

"Sindinakwatire," anatero. "Sindikunena kuti undiyankhe lero. Ndangoti udziwe."

*

Masabata atatu anadutsa, Lachitatu lililonse ali ku Vumba. M'kalabu anthu anayamba kutsinana. Ndipo Lamulungu lina, pa Christmas Pass, Nigel analengeza kuti lero aliyense aonetse mphamvu zake.

Ananyamuka ngati wathamangitsidwa, ataimirira pamapedulo, njinga ikuvina uku ndi uku. Obed anangokhala pachishalo, mapewa ali zii, miyendo ikuzungulira mofanana. Pokhota pachiwiri Nigel anali patali. Pachitatu mtunda unachepa. Pokhota pomaliza Obed anaimirira kamodzi kokha, ndipo njinga yachitsulo ija inadutsa njinga yodula ngati yaima.

Primrose atafika pamwamba anapeza anthu akumuwombera m'manja Obed. Nigel anali payekha, akupuma movutika. Anamukodola.

"Ndafufuza za mlongo wakoyu," anatero m'Chishona. "Sakubva yonse ikumudziwa. Anabera bambo ako omwe."

"Nkhaniyo sukuidziwa, Nigel."

"Imene ndikuidziwa ndi ya pa Isitala. Unandiuza chiyani kunyumba kwanga, anthu atapita?"

Pa Isitala Nigel anamufunsira ukwati. Sanali munthu woipa. Ndi iye anamulandira m'kalabu, ndi iye ankatenga a Laison pagalimoto kupita nawo kuchipatala mawondo akatupa. Kumukana pamaso kunamulemera Primrose, ndiye anangoti, "Kalankhule ndi atete." Atetewo, a Jesca, mlongo wa a Laison wa ku Dangamvura, anali atabweza kale amuna atatu, ndipo Primrose ankadalira kuti wachinayi abwezedwanso.

"Zija zinali zongocheza," anatero.

"Ine nkhani ya ukwati sindichezera," anayankha Nigel. Anavala magalasi ake akuda n'kutsetsereka yekha osadikira gulu.

*

Lachisanu madzulo Primrose anapeza bambo ake pakhonde akumvera wailesi. Anaitsitsa mawu, nakhala pansi pafupi ndi mapazi awo monga ankachitira ali mwana.

"Ababa, Obed sanafufuze m'nyumba muno."

A Laison anazimitsiratu wailesi ija.

"Kiyi ndinamupatsa ndine. Ndinamutenga kuseri kwa kalendala inu muli kubafa. Anati masiku asanu, ine ndinamukhulupirira. Mmawa mwake mutafunsa, ndinati sindikudziwa kanthu."

Pamsewu panadutsa kombi yonyamula anthu ikuliza hutala. Mkuluyo anayang'ana kugeti nthawi yaitali.

"Ndinayenda wapansi mpaka ku Zimunya kufunsa njinga imeneyo," anatero. "Iwe unandiphikira tiyi nditabwera. Unandithira madzi otentha m'beseni kuti ndiviike mapazi. Uli chete."

"Ndinkaopa."

"Zaka khumi ndi zisanu ukuopa? Amayi ako anapita akudziwa kuti tinasunga mbala."

Primrose analira osabisa nkhope. Bambo ake sanamutonthoze, komanso sanamuthamangitse. Kenako anafunsa:

"Iyeyo anakuuza kuti udzanene?"

"Anandiletsa. Anati zikhale momwemo."

"Hmm." A Laison anasisita bondo. "Akuti anamudutsa Nigel pokhota pomaliza. Anandiuza a Chrispen a kutchalitchi, mwana wawo anaonerera."

"Anamudutsa."

"Panjinga yachitsulo?"

"Yachitsulo, Ababa."

Pakamwa pa mkuluyo panagwedera, ngati kumwetulira kumene kwabwezedwa panjira. "Umuuze abwere Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Sindikuti ndakhululuka. Iwenso sindinakukhululukire. Koma munthu amamvedwa kaye."

*

Lamulungu m'mawa Nigel sanabwere kuphiri, koyamba chiyambireni kalabu. Primrose sanaganizepo kanthu. Anakwera Christmas Pass m'mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi, Obed ali pambali pake osati patsogolo.

Masana anakumana pamsika. Obed anali atavala malaya oyera ositidwa bwino, thalauza atalimanga ndi mphira kumwendo kuti lisadye girisi. Anayenda akukankha njinga, chifukwa Obed anati kwa apongozi safikako atakwera.

"Sanakhale apongozi ako," anatero Primrose.

"Ndikuyeserera pakamwa."

Anadutsa pabwalo la mpira, pachigayo chakale, pampopi uja. Obed ankatchula nyumba iliyonse ndi dzina la mwini wake, ndipo Primrose ankamuuza amene anamwalira, amene anapita ku Joni, amene anabwerera ku Malawi. Atakhota kulowa mumsewu wa kwawo, Primrose anaima.

Pageti panali magalimoto awiri. Imodzi, ya Nigel, anaidziwa bwino, chifukwa kumbuyo kwake kunali zitsulo zopachikapo njinga. Pakhomo la nyumba amuna atatu a masuti anali atanjuta, akuwomba m'manja mwa Chishona, pang'onopang'ono, monga amachitira anthu odzapempha mkazi. Atete a Jesca anatuluka atavala chitenje chatsopano, ndipo atamuona Primrose analuluta mpaka agalu a m'nyumba zoyandikana anauwa.

"Wafika mwini nkhani! Mwanawe, thamanga ukasinthe, alendo akhala nthawi yaitali!"

A Laison anabwera kugeti akutsimphina, ndodo ili m'manja. Anamuyang'ana Obed, kuyambira kundevu mpaka kumphira wa kumwendo, ndipo kwa kanthawi nkhope yawo inafewa ngati ya munthu amene waona mwana wake akutsika basi. Kenako anatembenukira kwa Primrose.

"Anthu awa sindinawaitane ine. Atete ako akuti mnyamata wa ku Murambi anapita kwa iwo mwezi wa Meyi, wotumidwa ndi iwe. Akuti anamuona, anamukonda, ndipo anavomera. Lero abweretsa akuluakulu ake." Anagogoda ndodo pansi. "Lachisanu unandiuza choona chimodzi. Kodi chinalipo china chimene unasunga?"

"Ababa, sizinali choncho..."

"Unamutuma kapena sunamutume?"

Primrose anamva Obed akupuma pambali pake, mpweya wautali wa m'mphuno.

"Primu," anatero motsitsa, "unamuuza kuti akalankhule ndi atete?"

"Ndinamuuza. Koma unali usanabwere, Obed. Ndinkangofuna kuti..."

"Masabata onsewa ku Vumba, ine ndikukhuthula zanga zonse, iwe osanenako?"

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Nigel anaima pakhomo atavala suti yotuwa, manja atawapinda mwaulemu kutsogolo. Sanayang'ane Primrose. Anayang'ana Obed, n'kuweramitsa mutu pang'ono ngati akulonjera mlendo wodutsa.

A Laison anatsegula geti mbali zonse ziwiri.

"Uyu ndamuitana ndine," anatero akuloza Obed ndi ndodo. "Awo aitanidwa ndi mawu ako. Onse ndi alendo a pakhomo pano, ndipo ine sindithamangitsa aliyense. Lowa, Primrose. Ukanene wekha pamaso pa anthu."

Primrose anaponda phazi limodzi mkati mwa geti, nacheuka kuti aone ngati Obed akumutsatira. Obed anali atatembenuza kale njinga yake kuloza kumene anachokera. Sanakwere, komanso sanalowe. Anangoima pakati pa msewu, manja onse awiri atafinya mabuleki.